Nyemba Zimene Zinandithamangitsa kwa Apongozi

Anandilanda shikola, anandilanda nyemba, kenako anandilanda mkazi. Chimene chinandilanda shikola ndi nyemba ndi mimba yangayi. Mkazi anatengedwa ndi munthu wa mfuti, koma nayenso inamutsegulira njira ndi mimba yomweyo.

Ndinasiya kuphunzira ku shikola ndili m'kalasi yachitatu ku Fingoe. Sindinali mbuli, masamu ndinkawaposa onse. Koma m'mimba munayamba kupota, ndipo pa tsiku ndinkapita kuthengo kasanu, nthawi zina ndi magazi. Purofesolo, mphunzitsi wathu, ankati ndikuthawa Chipwitikizi. Ndikakweza dzanja kupempha kutuluka, ankandimenya m'manja ndi mbalamatodya, kathabwa kolangira. Ndikapirira, anzanga ankasuntha pa benchi atagwira mphuno. Tsiku lina ndinatuluka osakweza dzanja, ndipo sindinabwererenso.

Nkhondo itafika kwathu, Apwitikizi anatikusira tonse m'mudzi wozingidwa ndi waya kuti tisamadyetse anyamata a kutchire, amene ankamenyana nawo. Chipata chinali chimodzi. Kupita kumunda kunkafunika giya, kapepala ka chilolezo, ndipo pachipatapo pankaima amilisiya, ana a m'midzi yathu yomwe amene anapatsidwa mfuti ndi nsapato.

Chabwino chokha chimene wayayo anandibweretsera ndi nfirimeru, namwino wa asilikali, bambo wachikulire wa Chinyungwe amene ankaonanso odwala a m'mudzi. Anandikanikiza pamimba, n'kundiuza kuti matenda anga ali ndi dzina, kolite, ndiye kuti matumbo atupa ndipo ali ndi zilonda. Mankhwala ochiritsiratu analibe. Anali ndi zala zisanu basi.

"Nyemba, ayi," anatero akupinda chala choyamba. "Piripiri, ayi. Zamafuta ndi zokazinga, ayi. Mtedza, kaya wokukuta kaya nsinjiro, ayi. Mowa, kachasu, thobwa lowawasa, ayi."

"Nanga masau, bambo?"

"Zala zatha, koma masau ayinso. Mkaka ayi. Mgaiwa ayi, ufa ukhale woyera. Sindikuti zimenezi ndi zimene zinakudwalitsa. Koma matenda ako akagona, zimakawadzutsa."

"Ndiye ndizidya chiyani? Mpweya?"

"Mpweya uli nawo kale wokwanira m'mimbamo. Uzidya phala, mbatata yophika, nthochi zakupsa, nkhuku yowiritsa ndi mchere wokha."

Nkhuku! M'mudzi wa waya nkhuku zinatha mwezi woyamba, chifukwa asilikali sankapempha. Choncho ndinadya phala ndi mbatata chaka chathunthu, amayi akundilondera ngati mbuzi yakuba. Mimba inakhala chete. Ndinanenepako pang'ono, ndipo munthu akanenepako amayamba kuyang'ana atsikana.

Wanga anali wa ku Chipera. Banja lawo linabwera nawo pa galimoto ya asilikali. Tinkakumana pa mzere wa pachitsime, ndipo iye ankati kuonda kwangaku n'kwa anthu ophunzira. Sindinamutsutse. Za kolite sindinamuuze. Mtsikana ukumutwika mtsuko, ungayambe bwanji nkhani ya matumbo?

Amalume anga anakandifunsira, ndipo anatipatsa tsiku lokaonekera, Lamulungu masana titatuluka m'tchalitchi. Tili panjira ndinati, "Amalume, nanga akaphika nyemba?"

"Mphwanga, mkamwini amamuphera nkhuku. Chiyambire dziko."

"Nkhukuyo ili kuti muno?"

Anakanda m'mutu. "Chabwino. Zikakhala nyemba, ndidya ndine. Iwe uzingopisa dzanja m'mphepete. Mbale ikabwerera yopanda kanthu, apongozi ako sangadziwe kuti wadya ndani."

Kwathu mkamwini salankhula ndi apongozi aakazi maso ndi maso. Mukakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Kulankhulana kwanu ndi mbale. Ikabwerera yodzaza, wawanyoza, ndipo palibe njira yowauzira kuti, pepani amayi, vuto ndi matumbo.

Zinali nyemba. Mayi a mtsikanayo anachita manyazi kuti sanaphe nkhuku, ndiye anatulutsa zonse zimene anabisa. Nyembazo zinkasambira m'mafuta a nkhumba, piripiri ali psuu pamwamba. Pambali panali nkhwani wotendera ndi nsinjiro, ndi chikho cha thobwa la masiku atatu. Zala zonse zisanu za nfirimeru zinali pa mphasa imodzi.

Kenako amalume a mtsikanayo anakhala nafe pansi, n'kukankhira mbale ina kwa ine. "Iyi ndi ya mkamwini yekha. Mlongo wanga akuti akufuna aone ngati dzanja lake lakoma."

Ndinayang'ana amalume anga. Iwo ankayang'ana denga ngati akufuna kuligula.

Ndinadya. Ndisaname, zinakoma. Mutadya phala chaka chonse mudzandimvetsa. Mbamu yoyamba ndinadya chifukwa cha ulemu, zotsatira zonse ndinadya chifukwa cha dyera. Ndinanyambita zala, ndinamwa ndi thobwa lomwe.

"Ameneyu ndiye mkamwini!" anatero amalume a mtsikana. "Wodya chonchi amalima."

Akuluakuluwo anayamba nkhani zawo, za munda, za malo omangapo nyumba, za amene anafera kunjira pochokera ku Chipera. Nkhanizo zinatalika. Dzuwa litapendeka pang'ono, m'mimba munalira ngati galimoto ya asilikali ikukwera phiri. Thukuta linatsika. Ndinanong'oneza, "Amalume, ndikufuna kuseri."

"Limba mtima."

"Si mtima umene ukufunika kulimba."

Ndinadzuka mwaulemu n'kutuluka. Zimbudzi zinali mzere kumbuyo kwa nyumba, ndipo kanjira kopita kumeneko kanali kamodzi. Pakati penipeni pa kanjirako panakhala apongozi aja ndi anzawo awiri, akupeta mapira. Munthu wanzeru akanadutsa, akanawalumpha kumene. Ine ndinaleredwa bwino. Kudutsa pamaso pa apongozi tsiku loyamba, n'kukalowa m'chimbudzi chawo iwo akumva? Ndinatembenukira kuchipata, poti kunja kwa waya ndinkadziwa chulu china chachikulu.

Ndinathamanga ngati sindinadwalepo. Pachipata panali milisiya amene tinkakhala benchi imodzi ku shikola, uja ankayamba kusuntha.

"Giya!"

"Ndikubwera!"

"Ima, iwe!"

Anawombera m'mwamba. Mfutiyo inangofulumizitsa zinthu. Anandipeza kuseri kwa chulu nditanjuta.

"Imirira, manja m'mwamba!"

"Manja ndikweza, mnzanga, koma kuimirira iwala."

"Umathawira kwa anyamata a kutchire, eti?"

"Kabudula ali m'mawondo chonchi?"

Ananditengerabe kwa sarijentu. Apa kuseka kunayamba kwaima, chifukwa ambiri amene ankalowa m'nyumba imeneyo pa mlandu wothawa sitinawaonenso. Amalume anga anafika akupuma wefuwefu, n'kugwada, n'kufotokoza ndi Chipwitikizi chawo cha mawu anayi. Sarijentu sanamve kanthu, anangoitanitsa nfirimeru kuti amasulire.

Nfirimeru anandiyang'ana kamodzi. "Wadya chiyani?"

"Nyemba."

Anapinda chala. "Basi?"

"Za piripiri. Za mafuta a nkhumba. Ndi nkhwani wotendera."

"Ndipo unatsitsira madzi?"

"Thobwa, bambo."

Dzanja lonse linali chibakera, ndipo anandigogoda nacho pamutu. Kenako anamufotokozera sarijentu, amene anaseka mpaka chipewa chinagwa. Sarijentuyo anatuma milisiya uja ndi fosholo kuti akaone yekha umboni kuseri kwa chulu, n'kuukwirira. Ine anandithamangitsa ndi nsapato.

Ndinagona pamphasa sabata yonse, magazi atabwerera, amayi akundinyoza uku akundimwetsa phala. Podzuka ndinapeza mudzi wonse ukudziwa matumbo anga kuposa ine. Yankho la amalume a mtsikana linali litafika kale: munthu amene wathawa nyemba adzathawanso khasu, ayang'ane kwina.

Pachitsime mtsikanayo anabisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka. Atatha kuseka anati, "Nanga bwanji simunandiuze? Ndikanakuphikirani mbatata." Mawu amenewo anandipweteka kuposa piripiri.

Mayi ake anatumiza uthenga kudzera kwa azakhali anga. Anati nkhuku anali nayo, thadzi limodzi lobisidwa m'dengu, koma linkafungatira mazira ndipo anachita nalo chisoni. Anati likaswa, tambala mmodzi ndi wanga, wopukutira manyazi. Mazira anaswa. Tambalayo ndinkamuona akukula, wofiira, wopanda nthenga m'khosi, ndipo ndikamadutsa patali ndinkamupatsa moni.

Koma milisiya uja anazolowera kupita pakhomo limenelo kukafotokoza nkhani ya chulu. Tsiku lililonse ankawonjezerapo kena, ndipo tsiku lililonse ankamupatsa mpando. Pofika nthawi yokolola anapitako ndi amalume ake. Mkamwini amamuphera nkhuku, chiyambire dziko. Anamuphera tambala wanga, n'kumukazinga m'mafuta ndi piripiri, kuti ngakhale akanandigawira ntchafu ndisathe kuidya.

Mkaziyo sindikumufunanso, ali ndi mwana wofanana ndi bambo ake mphuno. Shikola inapita. Nyemba ndinazikhululukira, zimakhala kwawo, ine kwathu. Koma tambala analonjezedwa pamaso pa azakhali anga, ndipo azakhaliwo adakali moyo. Banja limenelo lili ndi ngongole yanga: tambala mmodzi, wowiritsa, mchere wokha.