Kompyuta Imene Sinauzidwe za Maliro

Linali Lamlungu loyamba titaika amuna anga m'manda, nthawi ya 4 koloko masana. Tinali pamphasa m'chipinda chochezera, ine ndi abale akuchimuna, pamene kompyuta inadziyatsa yokha. Kanyali kofiira kanawala, m'kati mwake munayamba kulira. Apongozi anga aakazi anathawira panja, patapata kusiya pakhomo.

Ine sindinachite mantha. Amuna anga anali aphunzitsi kuno ku Chikwa, ndipo ankakonda nkhani za ulimi za pa TV. Popeza nthawi imeneyo ankakhala ku kwaya, analumikiza kompyuta ku dikoda ya TV n'kuiuza kuti Lamlungu lililonse izijambula yokha. Iwo anapita, koma kompyutayo palibe anaiuza za maliro.

M'mawa mwake mlamu wanga, mng'ono wa malemuwo, amene amagwira ntchito ku boma ku Chama, anatulutsa m'thumba fulashi, kachipangizo kosungira zinthu za pakompyuta.

"Alamu, chinthu ichi tichiyeretse," anatero.

Ndinavomera, n'kupita kukatenga kansalu kopukutira fumbi. Iye anaseka mpaka kugwira khoma.

"Osati fumbi, alamu. Pulogalamu yojambulira imene akulu anaikamo ndi yachikale. Ndabweretsa yatsopano, imajambula matchanelo awiri nthawi imodzi. Koma kuti ikhale bwino, zonse za m'katimo zichoke kaye. Amayi nawonso mtima ukhala pansi."

Apo m'pamene ndinamva kuyeretsa kumene ankanena. Ndinaika kansalu kaja pansi.

Chaka china a TV anabwera kuchigwa kuno kudzafunsa za njovu zimene zinatidyera chimanga. Amuna anga anayankhula, atavala malaya abuluu amene ndinawasitira ndekha. Anayamba m'Chizungu, mkwiyo utakwera anagwera m'Chisenga, kenaka anadziseka okha. Tsiku limene anazionetsa, kompyuta inajambula. Zithunzi zawo ndili nazo zambiri, koma zithunzi siziseka. Mawu awo anatsala m'menemo mokha.

"Nanga akulu anu ali m'katimo?" ndinafunsa.

"Tiwakopera pa fulashi. Kungoti yakaleyi imasunga zinthu mwa njira yakeyake. Mwina yatsopanoyi iwatsegula."

"Mwina?"

"Mwina, ee. Zamakina zilibe kulumbira."

"Ndiye mwina wanuyo mubwerere naye ku Chama."

Anayang'ana alongo ake, kufuna omuthandiza. Iwo anati chinthu chodzuka chokha m'nyumba ya maliro si chabwino, anthu ayankhula. Ndinati ayankhule, pakamwa m'pawo.

"Tsitsi munandimeta, ndinalola," ndinatero. "Zovala zawo munagawana, njinga munakweza pa galimoto, ine chete. Koma mawu awo simuwayeretsa."

Mlamu anayesa njira ina. "Kodi alamu, Chizungu chimene chimatuluka pagalasipo mumachiwerenga?"

"Sindichiwerenga. Sukulu ndinasiyira panjira, mukudziwa. Koma akulu anu anandigwira dzanja n'kundionetsa: kabatani kobiriwira n'koonera, kofiira n'kojambulira. Yanuyo adzandigwira dzanja ndani? Inu muli ku boma?"

 Ndinazula zingwe chimodzichimodzi, chilichonse ndikumangapo kansanza ka mtundu wake kuti ndisasokoneze pobwezera. Ndinanyamula kompyutayo ngati mtolo wa nkhuni n'kukaiika kuchipinda kwanga, kumene mlamu salowa.

Sindinama, pulogalamu yakaleyi ndi yaulesi. Imachedwa kutseguka, ndipo batire la sola likachepa mphamvu imaima pakati, munthu wa pagalasi kukamwa kuli yasa. Mlamu akabwera amandifunsabe ngati agogo aja akali moyo, kutanthauza kompyutayo. Ndimati akali moyo, ndipo sakudya kwanu. Apongozi anakhala nthawi yaitali osalowa m'nyumba muno. Tsiku lina anabwera okha n'kundipempha kuti ndiwaonetse mwana wawo. Anaonera kawiri.

Manje Lamlungu lililonse ndimapukuta sola m'mawa kuti batire lidzaze. Ikakwana 4 koloko kompyuta imadzuka, ndimaisiya ijambule za ulimi. Ikamaliza ndimadina kobiriwira, n'kumvera amuna anga akukalipira njovu.