Ng'ona ya Nkhaka pa Thabwa la Esnati

Fungo la nkhaka yongodulidwa kumene limandibwezera ku Dambwa North, m'nyengo yotentha ya chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Malata a nyumba yathu ankathetheka ndi dzuwa, mango anali asanapse, ndipo fumbi lofiira linkatimatirira m'miyendo.

Mkulu wanga Esnati ankatsuka mbale pa hotela ina ya m'mbali mwa Zambezi. Zala zake zinali zong'aluka ndi sopo. Tsiku lina anafika akuthamanga, n'kulowa m'nyumba osavula nsapato. Ba Mubita, mkulu wa ophika, ankakonza phwando la tsiku lobadwa la mwana wawo kunyumba kwawo ku Linda. Mwanayo ankafuna thabwa la tchizi ndi tokhwasula looneka ngati nyanja yamchere. Ba Mubita anamuuza Esnati kuti akalikonza bwino amuchotsa ku mbale n'kumupatsa mpeni m'khichini.

Kwathu kunalibe amene anaionapo nyanja yamchere. Bambo anapala thabwa mpaka linasalala, amayi anapereka pepala labuluu lokutira mabuku kuti likhale madzi. Kwa masabata atatu tinkayeserera pansi pa mtengo wa mango Esnati akaweruka. Tchizi sinali chinthu choseweretsa, choncho iye ankadula mbatata yophika kukhala tinsomba ndi timabwato. Mtedza wosinja unali mchenga. Mabisiketi oimika motsamirana anali mafunde, ndipo kapenta wokazinga ankasambira m'mbali. Tikamaliza, ana a aneba ankabwera kudzadya nyanja yathu, nyerere n'kumaliza zotsala. Ine kusukulu sindinkamva chilichonse, mtima unkangokhala pa thabwalo.

Koma ndinkaona kuti pakusowa kanthu. Madzi aakulu opanda ng'ona ndinali ndisanawamvepo. Tsiku lina ndinatenga nkhaka yaitali n'kuigoneka pamchenga, ndipo ndinanena kuti mwini madzi wafika. Esnati anaiyang'anitsitsa. Kenako anatenga mpeni. Anaisema mamba mpaka kumchira, anaitsegula kukamwa, anaidula mano ang'onoang'ono osongoka, n'kuiika maso a njere za papaya. Ndinavina bwalo lonse.

Loweruka la phwando tinadzuka m'mamawa. Tchizi yeniyeni inali itagona m'firiji ya aneba, ndipo Esnati anaidula mofulumira isanafewe. Ine ndinavala diresi yanga ya kutchalitchi n'kuima pakhomo. Tinakwera minibasi thabwa lili pamiyendo pathu, titalifunditsa chitenje chonyowa chimene amayi anachikweza ndi timitengo kuti chisakhudze mafunde. Kondakitala anafunsa ngati wodwala wathuyo alipira mpando wake, anthu n'kuseka. Basi ikagwa m'dzenje ndinkasuzumira pansi pa chitenje kuona ngati ng'ona ikadali pamalo pake.

Ku Linda tinapeza mabuloni pageti ndi nyimbo zachilozi. Ba Mubita anali munthu wamtali wosaseka wamba. Anavundukula chitenje, nayang'ana tinsomba ta tchizi, mafunde ndi mchenga, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako maso awo anaima pa ng'ona ija.

"Esnati, iyi ng'ona yakwera basi kuchoka ku Zambezi? Mu nyanja ya mchere mulibe ng'ona."

Nkhope yanga inatentha.

"Ni mlendo, ba Mubita," anatero Esnati. "Yabwera chabe ku phwando."

Iwo sanaseke. Anainyamula ng'onayo, naitembenuza, nayang'ana m'kamwa mwake. Anayendetsa chala pa mano aja limodzilimodzi, nafunsa ngati anawadula ndi mpeni wamba wa kunyumba. Esnati anavomera ndi mutu. Anaibwezera pamchenga mosamala.

"Pa Mande ubwere na apuloni."

Ana a paphwandopo anasiya keke n'kuyamba kulimbirana mchira wa ng'ona. Pobwerera tinayenda pansi, ine nditasenza thabwa lopanda kanthu pamutu, ndikuuza aliyense wokumana naye kuti ng'ona yanga yampezera mkulu wanga ntchito.

Esnati anaphika pa hotelayo zaka zambiri. Anatisiya chaka chatha, mvula itangoyamba. M'masiku amene ndinkamudwazika, ndikumudulira nkhaka chifukwa n'zokhazo zimene zinkalowa, anandiuza kuti ankadziwa kuti m'nyanja yamchere mulibe ng'ona. Pa kanema wa ku hotela ankaiona nyanja yamchere tsiku lililonse. M'mawa wa phwando uja anaichotsa ng'onayo pathabwa kawiri konse, koma akatembenuka ankandiona nditaima pakhomo ndi diresi ya kutchalitchi, ndiye ankaibwezera.

Ndili mwana ndinkati ndinamuthandiza kupeza ntchito. Lero ndikudziwa kuti anali wokonzeka kubwerera ku sopo ndi mbale kuti mng'ono wake asakwere basi ija akulira.