Mbuzi Zathu za Kapu Yofiira

Amuna anga ndi munthu wabwino, koma akatulukira nzeru yatsopano, thawani. Ine ndinachedwa kuthawa.

Boma litanditumiza kukaphunzitsa ku Nchenachena, iwo analibe ntchito. Anayamba kugula khofi kwa alimi a m'mapiri, kumukazinga, kumusinja n'kumulongedza m'timapepala. Khofi wake anali wabwino, sindinama ayi. Koma kumeneko aliyense ali ndi m'bale wake wolima khofi. Agulirenji kwa munthu wa ku Dedza?

Ineyo mtima unali pena. Ndinatha zaka ziwiri ndikuphunzira m'kalasi ya amayi a mpingo kuti ndidzavekedwe bulauzi yoyera. Ndinali nditatopa kutchedwa "aphunzitsi obwera aja". Wotiphunzitsa anali mayi wachikulire, mkulu wa amayiwo, ndipo mayina a ovekedwa ankafika kwa abusa kudzera mwa iwowo.

Loweruka lina ndikuchokera kumsika, ndinapeza mbuzi zathu zisanu zili penti yokhayokha. Penti yofiira, ya mafuta! Mbali iliyonse ajambulapo kapu yofuka nthunzi, pansi pake alemba KHOFI.

"Inu bambo, mbuzizi zakulakwirani chiyani?"

"Zikwangwani zoyenda zokha izi, mayi," anatero akumwetulira. "Sizifuna msomali, sizifuna malipiro."

Chimene sanaganize n'chakuti m'chilimwe, anthu akakolola, mbuzi zonse amazimasula. Zimayenda limodzi, zimaboola mipanda ya madimba limodzi, ndipo mwini dimba amangotukwana mbuzi, osati munthu, poti yakuda ndi yakuda basi. Ndi mmene anthu amasungirana mtendere. Tsono zathu zinalowa m'gululo zitanyamula keyala pamimba.

Madandaulo anayamba sabata yomweyo. Uyu mpiru wake, uyu tomato, uyu sopo amene anasiya pamwala. Tsiku lina ndinazimangirira ndekha kuyambira m'mawa, komabe panabwera munthu kudzalumbira kuti waona kapu m'dimba mwake. Kapu yake iti? Amuna anga, m'malo mochita manyazi, odandaulawo ankawakhazika pampando n'kuwapatsa khofi wotentha. Ena ankachoka atagula.

"Mwaona? Zikuyenda!"

Ndinkangomva mutu kuwira. Ndinayesa kutsuka mbuzizo ndi parafini, zinangosanduka zapinki, kapu ili pompo.

Kutatsala masabata atatu kuti tivekedwe, mbuzi zinalowa m'dimba la mayi wamkulu uja. Kabichi amene ankasungira alendo a tsikulo anatsala zitsinde. Ndinapita kukaona ndekha. Mapazi anali a mbuzi zoposa makumi awiri, koma mudzi wonse unaona zisanu.

Ndinagula kabichi dengu lodzaza, ndinasenza, n'kukagwada pakhonde pawo.

"Amama, ndabwera kudzapepesa."

"Yewo, mwana wane," anatero, n'kulandira dengulo. Sanakalipe ayi. Bola akanakalipa.

Ndinalimba mtima. "Koma amama, sizinali zathu zokha."

"Ndikudziwa. Ndinaziona ndi maso angawa. Zina n'za mlamu wanga, zina n'za mwana wa mlongo wanga." Anakonza duku lawo. "Nanga amenewo ndingawatengere kubwalo? Tidzaikana m'manda amodzi. Amayi a mpingo akwiya chomene, ndipo atchula mbuzi zimene zili ndi dzina. Za bulauziyo dikirani chaka chamawa, zizizire."

Ndinabwerera dengu lopanda kanthu lili m'manja, misozi ikungotsika, ana asukulu akundipatsa moni panjira. Ndinafika kunyumba n'kupeza amuna anga akutsuka burashi, akuti akufuna kubwereza penti poti ndawawonongera ntchito ndi parafini wanga. Zimene ndinawauza tsiku limenelo sindingazilembe, ndine mphunzitsi.

Lamlungu la kuvekedwa ndinapitabe kutchalitchi. Anzanga asanu ndi mmodzi anaima kutsogolo atavala zoyera, ine ndili pa benchi lakumbuyo ndi chitenje changa cha masiku onse. Nyimbo ili mkati, mayi wina amene zaka ziwiri zonsezo sanandilankhulepo anasendera pafupi n'kundigwira dzanja. Mtima unachita kuti myaa, ndimati abwera kudzanditonthoza.

"Ndinu amayi a mbuzi za kapu, eti?" ananong'ona. "Mukawauze abambo andisungire mapaketi awiri."