Tulo ta Telala

Telala wa pakhonde la golosale ankanyadira zinthu ziwiri: makina ake opalasa ndi phazi, ndi pakamwa pake poti sipanalowepo mowa chibadwire. Izi ankauza aliyense, ngakhale wongodzasoketsa batani. Kunena zoona ankatopetsa, koma msoko wake unali wosaphwasuka.

Atakwanitsa zaka makumi asanu, tulo tinayamba kumuzunza. Ankasinza dzuwa lili paliwombo, tepi ili m'khosi, phazi lili pamakina. Akadzidzimuka ankagugudiza botolo lonse la madzi, kuthamangira kuchimbudzi, kubwerako n'kusinzanso.

Tsiku lina mayi wina anabwera ndi diresi loti akavale pa ukwati wa mwana wake.

"Mulichepetse m'chiuno mokha, kutalikaku musakukhudze. Mwamva, atelala?"

Mutu wa telala unagwa n'kudzuka, kugwa n'kudzuka. Mayiyo anayesa munthu akuvomera, nanyamuka. Diresi linatuluka lolekeza m'mawondo.

Mbiri inawanda msewu wonse kuti atelala ayamba kumwa. Makasitomala ankangodutsa, nsalu zili kukhwapa. Zimenezo akanapirira. Chinamubaya mtima n'choti mkazi wake, amene anakhala naye zaka makumi awiri ndi zisanu, anamuyandikira tsiku lina ataweruka n'kumununkhiza kukamwa.

"Bambo, fungo ili n'lachiyani? Ngati zipatso zosasa. Mwayambira kuukalamba?"

"Ine, mayi? Mowa?"

"Ndiye kuti yaledzera ndi mphuno yangayi?"

Kuyambira pamenepo mkaziyo ankamuikira chakudya osamuyang'ana kumaso. Telala ankadya yekha, ndipo nthawi zina ankasinza supuni ili m'manja.

Lolemba lina anagwa pampando, osadzukanso. Mwini golosale anamuthamangitsira kuchipatala, mkazi wake akutsatira. Kumeneko achipatala anamubaya chala, kumuika diripi, ndipo atatsitsimuka dokotala anafotokoza.

"Bambo, shuga wanu anakwera moopsa. Tulo tosathati, ludzu, kukodza pafupipafupi, ngakhale fungo la m'kamwali, zonse ndi shuga. Mukanachedwa pang'ono tikanakutayani. Mankhwala muzimwa moyo wanu wonse."

Mkazi anagwira pakamwa, manyazi ndi mantha zitamugwira pamodzi. Koma za moyo wonsezo telala sanazilabadire n'komwe. Anadzuka pang'ono, atatsamira chigongono.

"Adokotala, pepani. Za fungozo tabwerezani, mokwezako pang'ono. Mayiwa amve."