Filimu ya ku Iguputo imene munaiika ku Joni

Achimwene, lero ndili mu minibasi yopita ku Mzuzu, pa foni panatulukira filimu yakale ija ya ku Iguputo. Ija munagula ili m'chikutiro cha filimu ya karate, n'kuiika osaiyesa ku vidiyo sho yanu kuseri kwa msika wa Nkhata Bay. Asodzi a ku Chikale ataona kuti palibe womenyana, anthu akungoyankhula Chiarabu pabalaza, anayamba kutuluka. Ine ndinati, "Chotsani imeneyi, anthu akuthawa." Inu munangotenga maikolofoni n'kuyamba kumasulira, chonsecho Chiarabu simunkadziwa ndi liwu limodzi lomwe. Munati bambo wa mufilimuyo wangobwera kuchokera ku Joni, wapeza mkazi wake atagulitsa bwato ndi ukonde womwe. Amene anali pakhomo anabwerera. Mayi wina wogulitsa usipa anati, "Wachita bwino, anawo akanadya bwato?"

Ya leroyi inali ndi mawu a Chingerezi m'munsi. Kani mayi wa mufilimuyo si mkazi wa bamboyo, ndi mlongo wake, ndipo akulimbirana nyumba ya makolo. Za Joni mulibe, za bwato mulibe. Maganizo anga sanasinthe: mafilimu amenewa ndi aatali, anthu amalira mopyola, nyimbo imalowa posafunika. Inu munkati ndilibe kuleza mtima, nkhope zokha zimakwana. Chimwalirireni inu, m'chipinda cha vidiyo chija akumeteramo tsitsi. Tikukwera mapiri ndinaphimba mawu a Chingereziwo ndi chala, n'kumaliza kuonera yanu ija.