Khosi la Kavalo wa Aphunzitsi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndili Sitandade 6, m'dzinja loyamba anthu atavota zamatipate. M'kalasi monse wamkulu ndinali ine, ndipo sindichita nazo manyazi. Ana a matenanti tinkachedwa sukulu. Bambo akasamuka esiteti, nafenso tinkasamuka, kalasi n'kukayambiranso kwina.

Kwathu ndi ku Phalombe, koma ndinakulira m'maesiteti a fodya ku Mchinji. Chaka chimenecho tinali pa esiteti ina kufupi ndi Ludzi: bambo, amayi, ine ndi mlongo wanga Sitela amene anali asanayambe sukulu. Bambo anali munthu wosalankhulalankhula. Chinthu chikathyoka pakhomo sankafunsa kuti wathyola ndani. Ankangochitenga n'kukhala nacho pansi. Chidebe cha pulasitiki ankachimata ndi mpeni wotentha. Mpini wa khasu, chigwiriro cha mpeni, goli la ndowa, zonsezo ankakulunga ndi chingwe mpaka zitalimba kuposa kale.

Kusukulu kwathu kunali aphunzitsi a Jere. Iwo ndiwo anabweretsa chesi, atakagula ku Chipata. Tinali tizidole ta pulasitiki, toyera ndi takuda, m'kabokosi ka katoni: mafumu, asilikali, akavalo ndi tina. Tikaweruka ankatiphunzitsa pansi pa mtengo wa mango. Masamu ankandivuta, chizungu chinkandivuta, koma chesi ayi. Pasanathe temu ndinali nditagonjetsa anyamata onse a Sitandade 8.

Kunali kukubwera mpikisano wa sukulu zoyandikana. Lachisanu lina a Jere anandiitanira ku ofesi n'kundipatsa kabokosi kaja.

"Tenga, Gelevazio. Ukayeserere kunyumba. Lolemba ubwere nako."

Mphunzitsi wina amene ankachonga makope pakona anadzutsa mutu. "A Jere, mukubwereka mwana wa kuesiteti? Amenewa akhoza kusamuka Loweruka. Mukabwezeredwa katoni yokhayo muthokoze."

Anaseka. Ine ndinatuluka makutu akutentha, ndipo nditafika kunyumba ndinawauza bambo mawu amenewo monga momwe analankhulidwira. Anamvetsera akusoka fodya, osaimitsa singano. Anangoti, "Lolemba ukabweze."

Loweruka tinathyola fodya tsiku lonse. Kabokosi ndinakabisa pamwamba pa khoma, kunsi kwa denga. Koma Sitela anali ataona. Lamulungu m'mawa, ife tikusamba kuti tipite ku Misa, anakwera pamtondo n'kutenga kavalo wakuda. Anamubereka kumbuyo ndi kansalu ngati mwana wake, n'kumathamanga naye pabwalo. Kunali koterera ndi mvula. Anagwa chagada.

Kavalo anathyoka pakhosi penipeni. Mutu kwake, thupi kwake. Mkati munali mopanda kanthu ngati bango.

Sitela analira asanamenyedwe, ndipo sanamenyedwe. Bambo anatola zidutswa ziwirizo, n'kuziika m'thumba la jekete, tinapita kutchalitchi. Za Misa ya tsiku limenelo sindikumbukira kalikonse. Maso anga anali pathumba la jekete.

Titabwerako anayamba ndi njira imene ankaidziwa. Anaika mpeni pamoto, n'kukhudza nawo khutu la kavalo pang'ono chabe kuti aone. Khutu linapindika ngati tsamba lofota, kunamveka fungo la pulasitiki wopsa. Anachotsa mpeni msanga.

"Uyu si wa chidebe," anatero.

Masiku amenewo mavenda anali atadzaza paliponse, katundu wa ku Zambia akulowa panjinga. Pa okala ya pamphambano pankagulitsidwa supa guluu, timachubu tating'ono topachikidwa pakhadi. Tinkamva kuti amamata chilichonse, koma pakhomo pathu anali asanalowepo. Bambo anandituma kukagula kamodzi.

Tinakhala pakhonde dzuwa litapendeka. Anaboola kachubu ndi singano ya fodya. Guluuyo anali ngati madzi, fungo lake loluma m'maso. Anapaka m'mphepete mwa khosi n'kuikapo mutu. Sanadekhe. Anagwedeza kuti aone ngati wagwira, mutu n'kugwa. Anapakanso, anagwedezanso, unagwanso. Pulasitiki wake anali wopyapyala, pogwira guluu panali pochepa.

"Alibe mtima ameneyu," bambo anatero. "Afunika chomugwira mkati."

Anang'amba pilo pakona n'kutulutsa thonje. Analitsendera m'khosi ndi singano, kumutu ndi kuthupi komwe. Analumikiza. Kenako anatenga ulusi wa amayi n'kukulunga pothyokapo mothinitsa, momwe ankakulungira chigwiriro cha mpeni. Ntchito inali yooneka bwino. Anagwira khosilo ndi chala chachikulu ndi cha mkombaphala cha dzanja lamanja, ndi lamanzere n'kufinyira kachubu konse pa ulusiwo.

Tinalibe wotiuza kuti guluu ameneyu akakumana ndi thonje amatentha. Ndinaona kautsi koyera kakukwera pakati pa zala zawo. Nkhope yawo inakwinyika.

"Tayani, bambo a Gele!" amayi anakuwa. "Chikukuotchani!"

"Chikatentha ndiye kuti chikugwira," anayankha ataluma mano.

Sanataye. Anagwirabe mpaka kutentha kutatha. Mutu wa kavalo unaima nji. Koma atati atsegule zala, zinakana. Zala ziwirizo zinali zitamatirira kukhosi la kavalo, uku ndi uku, ngati zinamera pomwepo.

Poyamba amayi anaseka, ndipo Sitela ataona amayi akuseka anasekanso. "Mawa mukasoka fodya ndi kavalo," amayi anatero. "Akapitawo amulembe nayenso, azilandira chimanga."

Utomoni wakuda wa fodya umachoka ndi palafini kapena phulusa, ndiye tinaganiza kuti guluu nayenso n'chimodzimodzi. Anathira palafini, osatheka. Anakhula ndi phulusa, kenako mchere. Anaviika m'madzi otentha kanthawi kochepa, n'kukoka, khungu likungotanuka. Kuseka kunatha. M'chigafa munali mulu wa fodya amene tinathyola Loweruka, ndipo fodya wothyola sadikira. Akakhalitsa pamulu amatentha n'kuwola. M'mawa mwake zala zimenezo zinkafunika pasingano.

Amayi anabwera ndi mwala wonolera mipeni.

"Ikani dzanja pansi. Ndimuphwanye kavaloyu pang'onopang'ono, tizidutswa tizichotsa tokha. Zala ndi zanu, chidole ndi cha pasitolo."

"N'cha mwini," bambo anatero.

"Mwiniwakeyo adzabwera kudzasoka fodya?"

Bambo anatembenukira kwa ine. Maso awo anali ofiira ndi fungo la guluu.

"Gele. A Jere anati Lolemba, wathunthu?"

Ndinayang'ana mwala, ndinayang'ana kavalo. Ndinamva kuseka kwa mphunzitsi uja m'makutu mwanga. Ndinati, "Eya."

Sindinaname. Ndi zimene ndinauzidwa. Koma ndinali wamkulu ndithu, wodziwa chimene eya ameneyo ankapempha.

Bambo anaitanitsa lezala. Amayi anakana kuwadula, anatenga Sitela n'kupita naye kuseri kwa nyumba. Ndiye anadzidula okha, ndi dzanja lamanzere. Analowetsa lezala pakati pa chala ndi khosi la kavalo. Ndinaona bwinobwino kuti akuipendekera kumbali ya mnofu kuti isakande pulasitiki. Khungu linali litapsa kale, silinavute kuchoka. Sanabuule. Ine ndinagwira mbale ya madzi, imene inafiira ndikuyang'ana.

Atamanga zala ndi kansanza, anatenganso kavalo uja. Anapala khungu lawo limene linatsalira pakhosi, anasalaza ulusi wouma, n'kudetsa ndi polishi wa nsapato zawo za kutchalitchi. Anamuimika pakhonde. Khosi linali lonenepa pang'ono, khutu limodzi lopindika, koma anaima.

"Werenga onse," anatero. "Ukabweze."

Lolemba ndinaika kabokosi patebulo la a Jere. Mphunzitsi wina uja kunalibe, anali atapita ku boma. Zimenezo zinandipweteka. A Jere anakhuthula tizidole, n'kunyamula kavalo wakuda.

"Wavala tayi uyu? Chachitika n'chiyani?"

Ndinati anathyoka, bambo amumata.

Anaseka, kuseka kwabwinobwino kopanda chipongwe. Anatsegula diroo n'kutulutsa kajumbo. Munali zitsekerero za mabotolo, ndi tizidole tina topanda mitu ta chesi yawo yakale.

"Iwe Gelevazio, ukanangobwera nazo zidutswazo. Timapulasitiki iti timathyoka tsiku lililonse. Kavalo akafa timaika chitsekerero, masewera n'kumapitirira. Ukawathokoze bambo ako. Ali bwino?"

Ndinati ali bwino. Ana a bambo anga sitinkadandaula kwa anthu.

Sanali bwino. Lolemba lomwelo anakhala pasingano ndi zala zomanga, utomoni wa fodya n'kulowa m'zilonda. Sabata isanathe dzanja linatupa mpaka pamkono. Anapita ku chipatala cha mishoni, kumene namwino anawakalipira n'kuwauza kuti akanangoviika dzanja m'madzi ofunda a sopo modekha, mobwerezabwereza, guluu akanasiya yekha. Nkhani yonse inali ya kudikira basi.

Fodya anatsalira amayi ndi ine. Amayi ankathyola, kunyamula, kusoka, kuphika, kutunga. Ndinasiya kupita kusukulu mpaka kuthyola kutatha, ndipo mpikisano uja unachitika ine ndili m'chigafa. Sitinakwanitse zonse. Fodya wina anawolera pamulu, fungo lake lowawasa likufika mpaka m'nyumba. Kapitawo anabwera kudzaima pakhomo n'kulankhula zimene akapitawo amalankhula, bambo atakhala pamtondo, dzanja lili pachifuwa. Chaka chimenecho amayi sanagule chitenje chatsopano. Sanandinenepo kalikonse. Akanandilalatira ndikanapepukidwa.

Zilonda zinapola, koma chala chachikulu chinauma kunsonga, sichinamvenso kanthu. Wosankha fodya amaona ndi maso, koma kulemera kwa tsamba amakumva ndi chala chimenecho. Nthawi yosankha itafika, bambo ankatenga tsamba, kulisisita, kulisisitanso, kenako n'kundipatsa osandiyang'ana.

"Ili n'lotani?"

Munthu amene anandiphunzitsa kugwira fodya ankandifunsa ine. Tsamba lililonse limene ndinalandira m'manja mwawo linkandilemera.

Tsiku lina tikusankha, ndinalephera kusunga chinsinsi. Ndinawauza za kajumbo ka zitsekerero, ndi zimene a Jere ananena. Ndinkaganiza kuti akwiya, kapena aseka, kapena andiuza kuti ndinawapweteketsa pachabe. Anamanga ndindi ya masamba a fodya imene inali m'manja mwawo, anaiika pamulu, n'kutenga tsamba lina.

"Chitsekerero n'chawo kuika," anatero. "Ife tinabwereka kavalo."

Sitinadzayankhulenso za nkhaniyo mpaka anamwalira.

Lero ndili ndi imvi, ndili ndi munda wangawanga cha ku Guilleme, sindine tenanti wa munthu. Sukulu ndinalekera Sitandade 8. Chesi ndimasewerabe, ndipo tizidole ta adzukulu tikathyoka ndimamata ndine. Dontho limodzi la guluu, osati kachubu konse. Mkati kamtengo ka machesi, osati thonje. Kugwira modekha, osagwedeza kuti uone. Zimenezo n'zosavuta, aliyense angaphunzire.

Chovuta n'chimene ndinachedwa kuchimvetsa. Bambo sankamata kavalo wa a Jere. A Jere analibe naye ntchito kwenikweni. Ankamata mawu aja a mu ofesi, amene ndinawanyamula ndekha kuchoka kusukulu n'kudzawatula pakhomo pathu. Munthu wosauka ndi wonyada ukamuuza kuti anthu akuti ana ake sabweza cha eni, wamusiyira njira imodzi yokha. Ndimawanyadira bambo anga, ndipo palibe amene angandichotsere zimenezo. Koma sindiwatsanzira. Mwana wa pakhomo panga akathyola cha mwini, ndimamugwira dzanja, zidutswa zili m'thumba, n'kupita naye kwa mwiniwakeyo tisanatsegule guluu. Ndipo mwana akaima pakati pa chinthu cha mwini ndi thupi langa, sindimufunsa kuti asankhe. Ine ndinafunsidwa, ndinayankha zoona, ndipo bambo anakalamba ndi chala chosamva.