Loweruka ku Edmonton, Lamulungu ku Lewisham

Ndinataya mkazi wanga. Ndinataya munthu amene ankatha kuluka tsitsi la mwana wathu osamuliza. Ndinataya phokoso la madzi m'bafa mbandakucha, akamasamba m'manja ndi kumaso kuti aswali. Mpunga wa Lachisanu. Chiyao chimene ankandikalipira nacho akakwiya, chimene sindinachiphunzire. Dzanja limene linkandigwira bondo pansi pa tebulo ndikayamba kulankhula zambiri pagulu.

Zina zonse zilipo. Fuleti yathu ya ku Thamesmead ilipo, ntchito ilipo, basi imaimabe pamalo pomwe paja. Mwana alipo, mtsikana amene anali atangoyamba kumene sukulu mayi ake akumwalira. Za iyeyu ndi zimene ndikufuna kulemba, chifukwa panatsala pang'ono kuti anthu awiri ondikonda andilande.

Mkazi wanga anali Msilamu, Myao wa ku Machinga. Ine ndine Mkhristu wa ku Dedza. Tinakumana ku koleji kuno ku London, tinakakwatirana ku ofesi ya khonsolo chifukwa abusa anazengereza, ashehe nawo anazengereza. Tinagwirizana kuti palibe asiye chake. Mwana atabadwa tinamukonzera njira ziwiri. Loweruka ankapita ku Edmonton kwa azakhali a mayi ake, komwe amaphunzira madrasa ndi ana anzake. Lamulungu ankapita nane ku tchalitchi ku Lewisham, tikaweruka n'kukamwa tiyi kwa amalume anga. Iye sankaona chachilendo. Kampango kake kankakhala m'thumba la jekete, akafika ku Edmonton n'kuvala yekha, kopotoka.

Matenda a mayi ake sanatenge nthawi. Anamwalirira m'chipatala cha ku Lewisham, ndipo anaikidwa msanga monga mwa Chisilamu. Amayi a kumzikiti anamusambitsa, anamukulunga m'sanda yoyera, amuna tinamunyamula. Amayi a kutchalitchi kwathu anafika ndi zitenje ndi mabuku a nyimbo, atasinthitsa mashifiti kuti adzagone pamaliro monga timachitira. Anapeza zonse zakonzeka kale. Kumanda anauzidwa kuti atsalire kumbuyo. Nyimbo sinaimbidwe ndi imodzi yomwe. Ine panthawiyo sindinaone kuti zawapweteka. Sindinkaona chilichonse.

Woyamba kulankhula anali azakhali, pafoni. Ndi mayi wolankhula mofatsa, koma chimene wanena sabweza.

"Akamwini, mwana wamkazi simungamulere nokha. Mumachoka m'mawa, mumabwera kutada. Mubwere naye kuno azikhala nafe. Inu muzibwera kudzamuona."

Ndinawauza kuti ndamva, ndiganizapo.

Amalume analankhula Lamulungu lotsatira, pa tiyi, m'chipinda chawo chochezera mutadzaza anthu a kutchalitchi. Amalumewa ndi mlongo wawo wa amayi anga. Anathawa kumudzi m'nthawi ya chipani chimodzi, ndipo akhala ku Lewisham kuyambira ine ndisanabadwe. Ndi iwo anandichingamira nditabwera kudzaphunzira, ndi iwo anandigulira jekete langa loyamba la nyengo yozizira. Masabata amenewo pawailesi anthu ankangoimba foni kutsutsana za Asilamu: ngati amafuna kukhala limodzi ndi anzawo kapena ayi, ngati munthu angawadzudzule osatchedwa watsankho. Amalume samazimitsa wailesi. Anali atadzaza.

"Zimene akunena pawailesizi ife taziona ndi maso," anatero. "Anthuwa amakhala paokha, amadya paokha, amaika maliro paokha. Mpongozi wathu anatiikira ngati akutibisa."

Mayi wina wa ku Lusaka, amene amatsogolera kwaya, anayesa kuwaletsa. "Imwe atate, manje mwana wanu akali kulira. Siyani."

"Ndisiye? Ine ndinathawa kwathu chifukwa cha pakamwa panga. Ndinalankhula m'sitolo ku Limbe masana, m'mawa mwake ndinali m'tchire kulowera ku Chipata. Ndiye ndikalambire kuno, wina andiuzenso kuti izi sitinena? Free speech, mayi! Ndinaivutikira." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Iwe mphwanga, za ku Edmonton zija zithe. Mayi ake kulibe. Mwana asakulire mumpanda."

Mwanayo anali pansi pa tebulo, akudya bisiketi. Chichewa amamva bwino, ngakhale amayankha m'Chingerezi. Anasiya kutafuna.

Ndikanatha kuwatsutsa ndi zimene ndinawerenga ku koleji. Sindinafune. Zina zimene ananena sizinali zabodza: amayi aja anabwereradi ndi nyimbo zawo m'kamwa. Chimene chinandivuta n'chakuti m'chipindamo munalibe munthu woti awayankhe.

"Malume," ndinatero, "palibe wakutsekani pakamwa, ndipo ine sindikutsekani. Koma muno mulibe Msilamu ndi mmodzi yemwe. Loweruka kuli sadaka ya mayi a mwanayu ku Edmonton. Mukanene komweko."

Anandiyang'ana. "Ukuganiza kuti ndikuopa?"

"Ayi. N'chifukwa chake ndakuitanani."

Loweruka amalume anavala suti yawo yakuda ndi chipewa. Tinakumana pa siteshoni, ine ndi mwana titachokera ku Thamesmead pa basi. Mu sitima ya Overground ankangomusendera mwana nachesi. Pakhomo pa azakhali tinapeza mulu wa nsapato. Amalume anauyang'ana, anapumira m'mwamba, n'kuwerama kumasula zingwe. Amuna anali m'chipinda chakutsogolo, atakhala pamphasa ndi pamakapeti, amayi anali kukhitchini ndi chipinda chakumbuyo.

"Waona?" anandinong'oneza. "Ngakhale m'nyumba momwe muli malire."

"Pamaliro a agogo ku Dedza amuna anakhala kuti, malume?"

Anangolowa n'kukakhala pamphasa.

Ashehe anatsogolera mapemphero, ife tinakhala chete mpaka atatha. Kenaka anyamata analowa ndi mbale zazikulu za mpunga ndi nyama ya mbuzi, anthu anayi anayi pambale imodzi. Azakhali anabwera kudzapereka moni, anagwada pakhomo la chipindacho.

"Mwatilemekeza, asewere. Takulandirani."

"Zikomo, asewere," amalume anatero, n'kuika chipewa pabondo. "Koma ine sindibisa mawu. Sindinabwerere mpunga. Munatipweteka. Malemu uja anali mwana wathunso, ankatiphikira, ankatiseketsa. Amayi athu anasiya ntchito kuti adzamulire, inu munawaimika panja ngati anthu odutsa. Mumakhala panokha, mumadya panokha. Ndiye ndanena kuti mdzukuluyu asamabwerenso kuno."

Mnyamata wina wandevu anadzuka, koma ashehe anamugwira mkono.

"Khala pansi. Asiye anene. Nawonso aferedwa."

Azakhali anasiya kugwada, anakhala pansi bwinobwino n'kukonza mpango wawo, ngati munthu amene waona kuti nkhani itenga nthawi.

"Zamaliro ndavomera, asewere. Tikanatuma munthu kudzakufotokozerani mmene ife timachitira. Tinali pachangu, mitu sinkagwira. Pepani. Koma zoti timadya tokhazo, ndikufunseni. Kwanu ku Dedza pakakhala ukwati, mbuzi amazinga ndani?"

Amalume anakanda kumutu. "Timaitana Msilamu."

"Chifukwa?"

"Kuti aliyense adye."

"Nanga kuno, maphwando onse a ku Lewisham aja, munaitana kangati?"

"Inu munatiitana kangati?" amalume anabweza msanga. "Zaka zonsezi muli kuno, pakhomo panu ndapaona lero. Naleronso wandiitana ndi mphwangayu, osati inu."

Munthu wina wachikulire pakona anaseka, ena n'kumutsatira. Azakhali nawo anamwetulira, koma sanathe.

"Chabwino, apo tonse tagwa. Tsono za mwanayo. Inu mwabwera muno ngati ndani?"

"Ngati malume wake wa uyu," anatero akundiloza ine.

"Eya. Mawu anu akulemera chifukwa ndinu a kuchikazi kwake. Kwanu ndi kwathu mwambo ndi umodzi. Uyu ndi wanu, mutengeni, muzimulangiza mmene mungafunire. Koma mwanayo kuchikazi kwake ndi kuno. Azikhala ndi ife."

Amalume sakanatha kukana mwambowo popanda kudzichotsa okha pampando umene anabwera nawo. Ndinaona nkhope zambiri zikuvomereza, ndipo ndinazindikira kuti ndikangokhala chete pang'ono, nkhani itha, mwana agona ku Edmonton usiku womwewo. Iye anali ataima kumbuyo kwa azakhali, kampango kake katapotoka, akuyang'ana ine.

Sindine munthu wolankhula pagulu kuyambira pamene dzanja lija linachoka. Koma ndinalankhula.

"Azakhali, malume, nonse mwanena, ndipo ndamva. Mwanayu azigona ku Thamesmead, m'chipinda chake, pafupi ndi bambo ake. Loweruka ndizibwera naye kuno. Lamulungu ndizipita naye ku Lewisham. Akadzakula adzasankha yekha, ndipo adzasankha akudziwa mbali zonse ndi maso ake, osati zomva pawailesi. Amene akufuna kumuona kwambiri, basi ya ku Thamesmead imanyamula aliyense."

"Akamwini," azakhali anatero, "wagamula zimenezi ndani?"

"Mayi ake."

Ashehe anakankhira mbale kwa amalume. Iwo anaiyang'ana kanthawi, anapempha madzi osamba m'manja, ndipo anadya. Anadya kwambiri. Pobwerera, mu sitima, anandiuza kuti mpunga unali wabwino koma maganizo awo sanasinthe, ndipo ndinawauza kuti sindinawapemphe kuti asinthe.

Sanasinthedi. Mpaka lero amaimbira foni kuwailesi, ndipo Lamulungu pa tiyi amatiuza zimene ananena ndi mmene wowulutsa anawadulira. Azakhali nawo sanasiye. Loweruka lililonse amayang'ana tsitsi la mwana, mmene ndalukira ine, n'kupukusa mutu, n'kulimasula lonse kuti ayambirenso. Kawiri konse anenanso zoti mwana asamukire kwawo. Ndimawayankha chimodzimodzi. Chimene chinasintha n'chochepa: pa Khirisimasi amalume anatuma munthu kukagula nyama kubutchala ya Asilamu, n'kundiuza kuti ndiwadziwitse asewere awo kuti pali mpando ngati akufuna. Anabwera, anakhala ola limodzi, anatsutsana za ndale za kumudzi, azakhali n'kunyamuka mowa usanatuluke.

Anthu akamatsutsana pawailesi za amene akufuna kukhala limodzi ndi anzawo ndi amene sakufuna, sindikwiya. Anene. Ine ndimangodziwa kuti kuchokera ku Thamesmead kukafika ku Edmonton ndi ulendo wautali, wa basi ndi sitima, ndipo wina ayenera kudzuka m'mawa n'kuuyenda. Kwathu woyendayo ndine. Sizindilemera.

Tsiku limene mkazi wanga anamwalira linali Loweruka. Ndinapita kuchipatala m'mawa ndi mwana, ndili ndi maganizo oti tikhale pomwepo tsiku lonse. Anali wofooka, koma maso anali ake. Mwana anakwera pabedi, mayi ake anamukonza kolala, anapisa dzanja m'thumba la jekete lake kuona ngati kampango kalimo. Kanalimo. Ndinauza mkazi wanga kuti lero ku Edmonton sitipita, azakhali amvetsa, mawanso kutchalitchi sitipita. Anapukusa mutu. Ndinaumirira. Anandigwira bondo, monga ankachitira pansi pa tebulo, ndipo ndinakhala chete.

Foni ya kuchipatala inandipeza ndili mu Overground pobwerera, mwana nditamusiya kale kwa azakhali. Kwa nthawi ndithu ndinkadzifunsa ngati ndikanakana kuchoka. Tsopano sindidzifunsanso. Anadziwa chimene ankandituma pamene anandiuza mawu ake omaliza m'chipatala muja:

"Pitani, bambo ake, mwana achedwa. Lero kwa azakhali, mawa kwa amalume. Musamudumphitse."